Akusunthirani tsiku la kemo: kodi khansa ya m'thumba la mazira ibwerera?

Mwafika kuchipatala m'mamawa, akutengani magazi, kenako namwino akukuuzani kuti lero simulandira diripi, mubwerenso sabata yamawa. Ngati mukulandira chithandizo cha khansa ya m'thumba la mazira yomwe inafalikira kale m'mimba, mawu amenewa amadula mtima. Mumayamba kuwerenga masiku, n'kumaganiza kuti khansayo ikukula pomwe inu muli kunyumba.

Khansayi ndi yosiyana ndi ya khomo la chiberekero, ndipo kuyeza kwa VIA sikuiona. Amayi ambiri amapezeka nayo itafika kale pa siteji 3 kapena 4. Chithandizo chake chodziwika ndi opaleshoni pamodzi ndi mankhwala awiri, carboplatin ndi paclitaxel, omwe amaperekedwa pa diripi kamodzi pa masiku 21 aliwonse, kawirikawiri maulendo 6. Ena amayamba ndi opaleshoni, ena amalandira kaye kemo maulendo atatu kuti chotupa chichepe. Kuno kwathu odwala ambiri amalandirira kemo ku Queens mu Blantyre ndi ku Kamuzu Central mu Lilongwe.

N'chifukwa chiyani masiku 21? Kemo sasankha. Amapha maselo a khansa, koma amawononganso maselo a m'mafupa omwe amapanga magazi. Masabata atatuwo ndi nthawi yoti thupi lipangenso magazi, khansa isanapeze mpata wochulukanso. Matupi ena amachedwa. Dokotala akaona kuti maselo oyera, omwe ndi chitetezo chanu, akadali ochepa, kapena tizigawo tothandiza magazi kuundana tatsika, amayembekeza sabata imodzi n'kuyezanso. Kukupatsani kemo magazi ali choncho kungachititse kuti matenda aang'ono akugonekeni m'chipatala, ngakhale kuika moyo pachiswe. Kusuntha tsiku kotereku n'kofala, ndipo sabata imodzi yomwe dokotala wasankha yekha siifafaniza ntchito yomwe mankhwala agwira kale.

Chodetsa nkhawa ndi kuchedwa kobwerezabwereza, kapena kwa masabata ambiri, makamaka kusiyira panjira. Apa m'pofunika kufunsa. Ngati magazi akutsika ulendo uliwonse, dokotala angachepetse mlingo wa mankhwala, angakuikeni magazi, kapena angakupatseni jakisoni wa filgrastim wothandiza kupanga maselo oyera ngati alipo. Koma kuchedwa kwina sikuchokera m'magazi. Ndalama ya minibasi yasowa, wokuperekezani watanganidwa kumunda, kapena mankhwala sanafike. Wina akaona kuti mimba yaphwa atalandira maulendo atatu amaganiza kuti wachira. Musakhale chete kunyumba: uzani namwino vuto lenileni, ndipo musachoke asanakulembereni tsiku latsopano m'kabuku kanu ka kuchipatala. Ngati mumachokera kutali, funsani ngati mungayezetse magazi kuchipatala cha boma lanu musananyamuke, kuti musawononge ndalama paulendo wopita pachabe.

Nanga kubwerera kwa khansayo? Apa sitikubisirani. Mwa amayi 10 omwe anapezeka nayo itafalikira, pafupifupi 7 imabwereranso, nthawi zambiri m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, ndipo izi zimachitika ngakhale kwa amene sanaphonyepo tsiku. Chimene chimalemera kwambiri ndi siteji yomwe inapezekera, kuchuluka kwa chotupa chomwe chinatsala pambuyo pa opaleshoni, ndi momwe khansayo yamvera mankhwala. Choncho ikabwerera, musathamangire kuloza chala sabata ija munabwezedwa.

Madokotala amayang'ana kwambiri nthawi yomwe yadutsa. Ikabwerera patatha miyezi yoposa 6 chilandirireni carboplatin womaliza, mankhwala omwewo angagwirenso ntchito. Ikabwerera miyezi 6 isanakwane, amaganizira mankhwala ena. Kuichiziratu pa nthawiyi n'kovuta, koma kuibweza m'mbuyo ndi kuchepetsa ululu n'kotheka.

Mwina munamvapo za CA-125, kuyeza magazi komwe kumathandiza kutsata khansayi. Nambala yake imasowetsa tulo anthu ambiri. Kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ku Britain, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti amayi omwe anayambanso kemo msanga chifukwa chongoti CA-125 yakwera sanakhale ndi moyo wautali kuposa omwe anadikira zizindikiro. Ndiye mvetserani thupi lanu. Mimba kutupa, kukhuta mutangodya pang'ono, kupweteka m'chinena kosatha, kudzimbidwa, kusanza kapena kubanika ndi zifukwa zobwerera kuchipatala tsiku lanu lisanafike. Ululu ukakula, pemphani a chisamaliro chochepetsa ululu, monga a Tiyanjane ku Queens. Kumwa morphine sikutanthauza kuti madokotala akutayani.

Pali chinthu chimodzi chosadikira kucha. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena mukunjenjemera, pa nthawi yomwe muli pa kemo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Musamwe kaye panado n'kugona, ndipo musangoganiza kuti ndi malungo. Mukafika, mawu oyamba akhale akuti muli pa kemo, ndipo munene tsiku lomwe munalandira diripi yomaliza.