Chifukwa Chake Aphunzitsi a M'sukulu Zaukachenjede Ayenera Kuphunzitsidwa Luso la Kompyuta

Pamene sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, sukulu zaukachenjede zidayesa kupitiriza maphunziro kudzera pa intaneti. Nyengo imeneyo idaonetsa poyera kuti kugula makompyuta pakokha sikokwanira. Mphunzitsi amene amaopa makinawa, kapena amene amawaona ngati chipsinjo, sawagwiritsa ntchito ngakhale atakhala pa tebulo lake.

M'chaka cha 1989, katswiri wa ku America, Fred Davis, adafotokoza kuti munthu amalandira luso latsopano akakhutira ndi zinthu ziwiri: kuti lusolo limuthandiza pa ntchito yake, ndiponso kuti si lovuta kuligwiritsa ntchito. Maphunziro okonzedwa bwino amakhudza mfundo zonse ziwirizi. Mphunzitsi akaika yekha zophunzitsa zake pa Moodle, nalandirira pomwepo ntchito za ophunzira, kuzichonga ndi kubweza zotsatira, mantha amachepa ndipo phindu limaoneka ndi maso.

Komabe, si maphunziro onse amene amasintha maganizo. Msonkhano wa tsiku limodzi, umene aphunzitsi amangomvetsera osagwira kompyuta, umaiwalika msanga. Maphunziro opindulitsa ndi amene amachitika mobwerezabwereza, potengera phunziro limene mphunzitsiyo amaphunzitsa kale, komanso pakakhala katswiri womufunsa zikavuta. Kuzimazima kwa magetsi ndi kukwera mtengo kwa intaneti kumathanso kufooketsa ngakhale amene adaphunzitsidwa bwino.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu a m'boma la Mzimba. Kuyambira mu 2011, Yunivesite ya Mzuzu yakhala ikupereka maphunziro oti munthu amachita ali kwawo. Wophunzira wa ku Jenda, Embangweni kapena Edingeni amadalira mphunzitsi amene amatumiza zophunzitsa ndi kuyankha mafunso m'nthawi yake. Mphunzitsiyo akamazemba kompyuta, wovutika ndi wophunzirayo. Nayo yunivesite ya Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ku Mzimba, imene mwala wake wa maziko udaikidwa mu 2015, ikadzatsegulidwa idzafunika aphunzitsi ozolowera makinawa.

Pachifukwa ichi, nkofunika kuti atsogoleri a sukulu zaukachenjede pokonza ndalama zogulira makompyuta aziikanso padera ndalama ndi nthawi yophunzitsira aphunzitsi amene adzawagwiritse ntchito.