Kodi Mumadziwa? Kumene Mvula Imakondweretsa Alendo

Kum'mwera chakumadzulo kwa chilumba cha South Island ku New Zealand kuli Milford Sound, malo amene Amaori amawatcha Piopiotahi. Ndi chigwa chakuya chimene chinakumbidwa ndi madzi oundana kalekale, kenako nyanja ya Tasman inalowamo mtunda wa makilomita pafupifupi 15. Maboti onyamula alendo amayenda pakati pa mapiri otsetsereka, kuphatikizapo phiri la Mitre Peak lomwe ndi lalitali pafupifupi mamita 1,700.

Kumeneko kumagwa mvula yoposa mamilimita 6,000 pachaka. Mathithi osaphwa ndi awiri: Lady Bowen, otalika mamita 162, ndi Stirling, kumene oyendetsa maboti amayandikira mpaka alendo kunyowa. Koma mvula ikangogwa, matanthwe onse amachucha timathithi tambirimbiri timene timaphwa dzuwa likawala.

Chodabwitsa china chili pansi pa madzi. Madzi a mvula, atadetsedwa ndi masamba a m'nkhalango, amayandama pamwamba pa madzi amchere n'kutchinga kuwala. Mdima umenewu umachititsa kuti zamoyo zotchedwa black coral, zomwe zimakonda malo akuya kwambiri, zimere pamamita 10 okha. Ngakhale dzina lake likutanthauza zakuda, zikakhala zamoyo zimaoneka zoyera.

Alendo amaonanso ma dolphin, ma seal akuothera dzuwa pamiyala, ndi tawaki, mbalame yosauluka ya mtundu wa penguin. Mu 1990 bungwe la UNESCO linaika dera lonseli m'gulu la malo ofunika kutetezedwa padziko lonse.