Tisanadule mtengo, tiyeze kaye thambo

Kumbuyo kwa sukulu yomwe ndimaphunzitsa, cha ku Senga Bay kuno, kuli kaphiri komwe kalabu yathu ya sayansi inamanga chisakasa chosungiramo mabenchi. Kumeneko ndi komwe timakaonerera nyenyezi ndi katelesikopu kathu kamodzi. Tsiku lina mnyamata wa Fomu 3 anandipeza ndi ganizo: "Sala, mitengo yazungulira chisakasa ija ikutiphimba. Loweruka tibwere ndi nkhwangwa, tonse tiziona thambo bwinobwino." Anzake anavomera, ndipo ine ndemwe ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinati tiyambe tayeza.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tambasulani mkono, fumbatani chibakera. Chibakeracho chimaphimba pafupifupi madigiri 10 a thambo, ndipo kuchokera m'mphepete mwa thambo kufika pamwamba pa mutu pali madigiri 90. Mtengo wa bwemba umene tinkaudandaula unali zibakera pafupifupi zitatu. Masamu a tan anagwirizana nazo: nsonga yake ili mamita 10 pamwamba pa maso athu, ife titaima mamita 20 kuchokera patsinde, ndiye kuti 10 kugawa ndi 20 ndi 0.5, omwe ndi madigiri pafupifupi 27. Titasuntha n'kukaima pa mamita 40, mtengo womwewo unaphimba madigiri 14 okha.

Funso lachiwiri linali lakuti, kodi kuseri kwa mtengowo tikutayako chiyani? Kuwala kwa nyenyezi kumadutsa mumpweya kusanafike m'diso. Nyenyezi ikakhala pa madigiri 30, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka kawiri poyerekeza ndi ikakhala pamwamba pa mutu. M'mphepete penipeni mpweyawo umachuluka kuposa ka 30. Onjezanipo fumbi ndi utsi wa moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala. N'chifukwa chake nyenyezi zam'munsi zimazimirira ndi kuphethiraphethira. Choncho mitengo inkatibisira chigawo cha thambo chimene chimaoneka moipa kale. Ngakhale nyenyezi za Southern Cross, zija zooneka ngati mtanda kummwera, kuno ku Salima zimakwera kupitirira madigiri 40 madzulo a mu Meyi, pamwamba pa bwemba uja.

Chimene chinathetsa mkangano ndi nyanja. Masiku amene mwezi kulibe, omwe ndi abwino kuonera nyenyezi, ndi omwenso asodzi a usipa amalowa pamadzi ndi nyali zawo. Mukayang'ana kummawa zimachita kuoneka ngati tauni. Diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 mumdima kuti lizolowere, koma kuyang'ana nyali yowala kamphindi kochepa kumabwezera zonsezo m'mbuyo. Tinayesa: gulu lina linaima kuseri kwa mitengo, lina poyera poyang'anana ndi nyanja. A kuseri kwa mitengo ankauona Mlalang'amba bwino kwambiri kuposa anzawo. Mitengo imene tinkafuna kugwetsa ndi imene inkatitchingira nyalizo.

Palinso nkhani ya dothi. Pamalo otsetsereka mizu ndiyo imagwira nthaka, ndipo masamba amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula. Tikanadula, mvula ya mu Januwale ikanakokolola dothi kupita m'minda ya anthu m'munsimo, kenako m'nyanja, momwe matope amakwirira malo oswanirana nsomba. Komanso kaphiriko ndi ka mudzi, si ka kalabu. M'nkhalango zotetezedwa ndi boma, lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kudula mtengo popanda chilolezo, ndipo ngakhale pamalo a mudzi munthu suyamba ntchito yotere amfumu osadziwa.

Tinapita kwa amfumu, ndipo anatilola kutchetcha udzu ndi kudulira nthambi ziwiri zokha. Telesikopu timaiika patali ndi chisakasa tsopano, pamene tinayeza paja. Chilipo chimene tinataya: pakaphiripo sitiona mwezi kapena Nthanda zikutuluka pamwamba pa nyanja. Tikafuna zimenezo timatsikira kumchenga.

Usiku wopanda mwezi ukubwerawu, tulukani panja ndi kope. Yezani ndi chibakera mtengo kapena denga limene likukuphimbani, bwererani m'mbuyo mapazi 20, yezaninso. Kenako bisalirani babu la pakhonde kuseri kwa mtengowo, dikirani theka la ola osagwira foni, muwerenge nyenyezi zimene mukuona.