Kachilombo ka Mphere ndi Abale Ake a M'nthaka

Munthu akamachezera kukanda pakati pa zala mpaka kutuluka magazi, chomuzunza ndi kachilombo kosakwana theka la milimita, kotchedwa Sarcoptes scabiei. N'kapachibale ndi nkhupakupa komanso akangaude ofiira omwe amaononga tomato, ndipo tonseti tikakula timakhala ndi miyendo 8. Pansi pa masamba owolerana patsinde pa msuku palinso abale ake ena, a gulu la oribatid, omwe ambirife timangowaponda osawadziwa.

Ka mphere n'kaphuma. Kakakazi kamaboola njira m'khungu n'kumaikira mazira awiri kapena atatu patsiku. Mazirawo amaswa pakatha masiku atatu kapena anayi, ndipo pomatha milungu iwiri anawo amakhala atakula. Chonsecho wodwala wokanda chonchija nthawi zambiri amangokhala ndi tizilombo 10 mpaka 15 thupi lonse. Kuyabwako kumadza chifukwa thupi likulimbana ndi tizilomboto, mazira ake ndi ndowe zake. N'chifukwa chake wogwidwa koyamba amatha milungu 4 mpaka 6 asanayambe kukanda, uku akupatsira amene amafunda naye bulangete limodzi. Kakachoka pa munthu, kamafa m'masiku awiri kapena atatu. Mu 2017 bungwe la WHO linaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha, ndipo aliyense amene anaonapo mwana wa mphere zatukusira mafinya angavomereze kuti linachedwa.

A oribatid alibe changu. Ambiri ndi obulungira, a chigoba cholimba, ooneka ngati kanjere ka mpiru koyenda mwakachetechete. Amadya nkhungu ndi masamba owola, ndipo ena amatha chaka chathunthu asanafike pobereka. Mitundu yawo yodziwika imaposa 10,000, ndipo m'nkhalango zina za ku Ulaya, pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amapezekapo oposa 100,000. Akamatafuna zinyalala amasiya tindowe ting'onoting'ono tomwe mabakiteriya amamalizitsa, chonde n'kubwerera m'nthaka.

Kusiyana kumene kumandikhudza kuli pa kabwereredwe kawo. M'nyumba mukatsala munthu mmodzi wosapaka mankhwala, mphere zimayambiranso pa onse mwezi usanapite patali. Koma moto ukadutsa m'munda n'kupsereza mapesi ndi masamba omwe a oribatid amakhalamo, kuswana kwawo kochedwa kuja kumawagwetsa m'mbuyo, ndipo pamatenga nthawi yaitali kuti achulukenso. Amene amasiya mapesi kuti aphimbire nthaka amasunga tizilomboti, ngakhale sanationepo n'komwe.

Komabe a oribatid nawonso ali ndi mlandu wawo, ndipo woweta ayenera kuudziwa. Ena mwa iwo amameza mazira a njoka za m'mimba zotchedwa Moniezia, omwe amatuluka ndi ndowe za ziweto, ndipo njokazo zimayamba kukulira m'thupi mwawo. Kukakhala chinyezi amakwera pa udzu, mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe n'kuwadyera limodzi ndi msipuwo. Ziweto zikuluzikulu kawirikawiri sizivutika nazo, koma timbuzi ndi tinkhosa tating'ono ndi tomwe timagwidwa kwambiri.