Kagulugufe Komwe Kakutha Kabichi ku Barking

Kamabwera ndi mphepo

Amalawi amene amalima repu, mpiru ndi kabichi m'timinda tobwereka ku Barking, kum'mawa kwa London, amakumana ndi mdani yemwe anamusiya m'madimba a ku Ntcheu. Ndi kagulugufe kotuwa, kosafika sentimita imodzi, kotchedwa diamondback moth. Kuzizira kwa ku England kamakupirira movutikira, choncho tambiri timachita kuuluzika ndi mphepo kuchokera kumaiko ena a ku Ulaya. Kumayambiriro kwa Juni 2016 tinafika tankhaninkhani, alimi a kabichi mpaka kugwira njakata.

Kuyendera munda

Wowononga weniweni ndi mbozi yake yobiriwira. Imadya kunsi kwa tsamba n'kusiya kakhungu kopyapyala koonekera kuwala. Mukaikhudza imaphiriphitha chobwerera m'mbuyo, kenaka imagwa ikulendewera pa kaulusi. Apa ndi pomwe mungaisiyanitsire ndi mbozi za agulugufe oyera, zomwe siziphiriphitha choncho.

Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, tembenuzani masamba sabata iliyonse, makamaka a pamtima pa kabichi. Misampha yomata yokhala ndi fungo la kagulugufe kakakazi imagwira tatimuna tokha. Ntchito yake ndi kukutsinani khutu kuti alendo afika, osati kuwatha.

Botolo la mankhwala silidalirika

Ambirife tinakula tikuona kuti mbozi ikaoneka, yankho ndi kupopera. Kachilombo aka kanazolowera mankhwala kalekale. Mu 1953 ku Java, m'dziko la Indonesia, kanapezeka kuti sikakufa ndi DDT, ndipo pambuyo pake ku Hawaii kanayambanso kupirira mankhwala achilengedwe a Bt. Akatswiri a ku Rothamsted Research atayesa tizilombo timene tinafika mu 2016, anapeza kuti mankhwala a gulu la pyrethroid satikomola. Choipa china n'chakuti kupopera mwachisawawa kumapha timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la mbozi n'kuipha kwaulere.

Zothandiza pamunda waung'ono

Phimbani mbewu ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono tsiku lomwelo mwawokera, ndipo m'mbali mwake mukwirire ndi dothi. Ukonde wotchingira mbalame ndi wosathandiza, kagulugufe kamangodutsa. Mbozi zochepa ingofinyani ndi zala. Kuthirira kuchokera pamwamba madzulo kumagwetsa mbozi zazing'ono. Mukakolola, zulani zitsa zonse, chifukwa repu wosiyidwa kuti aziphukira yekha ndiye amasunga tizilomboti n'kutipatsira kumunda wa mnansi wanu.