Vibrio

Vibrio ndi gulu la mabakiteriya amene kwawo kwenikweni ndi m'madzi ofunda a mchere, monga m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu ndi pomwe mitsinje imathirira m'nyanjazo. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Pa maikulosikopu timaoneka topindika ngati chizindikiro cha mpatuliro, ndipo timasambira ndi kamchira. Gululi lili ndi mitundu yoposa 100. Yambiri siyivulaza munthu, koma umodzi, Vibrio cholerae, ndiwo umayambitsa kolera. Filippo Pacini anauona koyamba ku Florence mu 1854.

Tizilomboti timaswana msanga madzi akamatentha, makamaka pa madigiri 30 mpaka 37, ndipo timamatirira pa zikamba za tinyama ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Komabe kutentha kwa madzi owira sitikupirira. Madzi akabwata, timafa.

Malawi alibe nyanja yaikulu ya mchere, koma Nyanja ya Chilwa imafananako nayo. Mitsinje ngati Likangala ndi Domasi imathira madzi m'nyanjayi kuchokera ku Zomba, koma palibe mtsinje wowatulutsa. Madzi amangouma ndi dzuwa n'kusiya mchere, ndipo poti nyanjayi ndi yosazama, amafunda mofulumira. Awa ndi madzi amene Vibrio cholerae amatha kukhalitsamo akalowamo kudzera m'chimbudzi cha munthu wodwala.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba tomangidwa pa udzu woyandama pakati pa nyanja. Asodziwa amakhala kumeneko milungu ingapo akupha matemba, makumba ndi milamba. Madzi omwe amamwa, kuphikira ndi kusamba ndi omwewo amene amadzithandiziramo. Tizilomboti tikafika m'matumbo timatulutsa poizoni wochititsa munthu kutsegula m'mimba zamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, ndipo wodwala akhoza kufa tsiku lomwelo chifukwa chotha madzi m'thupi. Ulendo wa pabwato wopita kudooko la Kachulu umatenga nthawi imene wodwalayo alibe, n'chifukwa chake thanzi ORS amafunika kukhala m'chimbowera momwemo.

Kolera inafika m'Malawi mu 1973, ndipo yakhala ikubuka mobwerezabwereza kuzungulira nyanjayi. Itabukanso mu Disembala 2015, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena unapereka katemera wakumwa wa Shanchol kumayambiriro kwa 2016. Katemerayu amamwedwa kawiri, motalikirana milungu iwiri, ndipo zinali zovuta kuwapezanso asodzi kachiwiri. Choncho atamwa koyamba, asodzi a m'zimbowera anapatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akasunge ndi kumwa okha tsiku lake likakwana. Izi zinatheka chifukwa katemerayu amapirira kutentha kwa masiku angapo popanda firiji.