Bruce Lee, Mwini Filimu

Ndili mwana ku Kanyenda, kanema tinkaonera m'kanyumba ka mabango, jenereta ikulira kuseri. Asodzi akagulitsa usipa ankadzaza mabenchi, ife ana n'kukhala pansi. Chingerezi sitinkachimva, koma aliyense ankamudziwa "mwini filimu", uja sagonja. Kwa ife dzinali lidali la Bruce Lee. Ndazindikira nditakula kuti pa filimu ina iye adalidi mwini wake: adailemba yekha, kuitsogolera, n'kuseweramonso. M'nkhani ino ndifotokoza chomwe chidamufikitsa pamenepo.

Lee adabadwira ku San Francisco m'chaka cha 1940 koma adakulira ku Hong Kong. Bambo ake adali a zisudzo, choncho kamera adaizolowera akadali mwana. Nkhonya za Wing Chun adaphunzira kwa Ip Man. Mu 1958 adapambananso mpikisano wovina cha-cha, ndipo ndimakhulupirira kuti kupepuka kwa mapazi ake kudachokera ku gule ameneyu. Atabwerera ku Amereka mu 1959, adayamba kuphunzitsa anthu kumenya, kenaka n'kuyambitsa njira yakeyake yotchedwa Jeet Kune Do. Mfundo yake idali yoti womenya asamangike ku malamulo a sukulu imodzi, koma azisintha molingana ndi mdani.

Ku Hollywood adangomupatsa malo a wothandizira, monga Kato mu sewero la pawailesi yakanema la The Green Hornet (1966 mpaka 1967). Mu 1971 adabwerera ku Hong Kong, komwe kampani ya Golden Harvest idamupatsa umwini filimu mu The Big Boss ndi Fist of Fury. Mafilimuwa adagulidwa kwambiri, koma wotsogolera adali Lo Wei, ndipo awiriwa sankamvana. Vuto ndi ili: ndewu ya m'filimu imatengera yemwe akunena poima kamera ndi podula chithunzi. Iyeyo atha kusandutsa munthu wamba kukhala katswiri, kapena kubisa luso la katswiri weniweni.

Choncho mu 1972 Lee adatsogolera yekha The Way of the Dragon, nkhani ya mnyamata wopita ku Rome kukateteza malo odyera. Taonani ndewu yake ndi Chuck Norris ku Colosseum. Nthawi zambiri kamera imaima patali, thupi lonse likuoneka, kotero palibe pobisala. Poyamba Lee akuchita kugwetsedwa. Kenaka akusintha: akuyamba kudumphadumpha, kuzemba, kunamiza ndi phazi, mpaka mnzake wouma thupi uja asokonezeka. Imeneyi ndiyo Jeet Kune Do, yophunzitsidwa popanda mawu. Atamupha, sakusangalala, akumufunditsa malaya ndi lamba wake wakuda. Ndikukumbuka kuti pamenepa m'kanyumba muja mudangoti zii, ngakhale asodzi aphokoso aja. Adazindikira ulemu wa pamaliro.

Lee adamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32, Enter the Dragon isadaonetsedwe. Game of Death, yomwe adayamba kuitsogolera, adaimaliza ndi anthu ena mu 1978 pogwiritsa ntchito amuna ofanana naye. Ku Kanyenda tinkawazindikira msanga, n'kukuwa kuti, "Ameneyo si iye!" Sitinkayang'ana nkhope, tinkayang'ana mapazi.